Bokosi la a Yotamu

Tabwera nacho kuno chithunzicho, Joyisi, ndichionere pa kuwala. Enanu sunthani, mukunditchingira dzuwa. Eee! Ameneyu ndiwe? Nanga waimiranji ngati msilikali wa pa Boma, manja m'mbali, milomo yotseka ngati wabisa nyama m'kamwa? Dalitso nayenso, taonani maso akewo, ngati mbuzi yaona galimoto. Mwakwera basi mpaka ku Limbe, nsapato zobwereka kuphazi, kuti mukajambulitse nkhope zimene ine agogo anu sindinazionepo pakhomo pano.

Musakwiye, ndikungocheza. Khalani pansi, kokerani lichero ilo pakati, muzisenda nandoloyo. Manja azigwira ntchito, makutu azimva. Inu mukuyesa kujambulitsa kwayamba ndi inu? Ine ndinajambulidwa ndisanamere ndi mabere omwe, nkhondo ya Ajeremani isanabwere, tiyi wa m'maesitetimu akadali timitengo tolekeza m'mawondo.

Koma kuti mumve bwino, ndiyambire kutsidya.

Kwathu kwenikweni ndi kwa Apwitikizi, kumapiri a kum'mawa uko. Tinachokako chothawa. Kunali masipayi, asilikali akuda a Apwitikizi, amene ankagwira amuna kukagwira ntchito yakalavulagaga. Wokana ankamumenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lobowolabowola, mpaka manja kutupa ngati chikondamoyo. Bambo anga atalawa kamodzi, anati basi, tiyeni kwa Angerezi. Tinanyamuka mudzi wathunthu. Panalibe sutukesi ngati zanuzi. Mayi aliyense anasenza dengu, m'dengumo mphika, mbewu ya kalongonda ndi ya mapira, pamwamba mitengo ya chinangwa yodzabzala. Amuna ananyamula makasu, nkhwangwa ndi timitengo topekera moto, chifukwa machesi tinali tisanawaone. Ine katundu wanga anali nkhuku yathadzi, imene inandinyerera njira yonse.

Amayi anali ndi pakati, mimba yotopa. Titayandikira mtsinje wa Ruo, matenda anawayamba. Anakhala pansi pa mtengo, nkundiitana.

"Sigele, mwanaka," anatero, ndiye kuti mwana wanga m'Chilomwe, "pita ndi mayi ako aang'ono. Ife ndi bambo ako tikupezani kutsidya mawa."

Ndinapita osalira nkomwe, poti anati mawa. Amalume, a Napwanga, anandikweza paphewa, madzi akuwalekeza m'chifuwa, tinawoloka. Tsiku lomwelo kuphiri kunagwa mvula yoopsa, Ruo anadzaza mpaka kukokolola mitengo. M'mawa mwake tinaona utsi kutsidya, tinamvanso mfuti. Tinadikira pa dooko mpaka madzi anaphwa. Anthu ena anawoloka, koma amayi ndi abambo ayi. Wina anati masipayi anasesa onse amene anatsala m'mbali mwa mtsinje. Mapeto ake akuluakulu anatimeta tsitsi, maliro anathera pomwepo.

Tinapatsidwa malo kuno ku Milonde, kumunsi kuja kuli nsungwi. Pamenepo panalibe msika, panalibe sitolo, thengo lokhalokha ndi nguluwe. Amang'anja amene tinawapeza ankatiseka kuti timadya nkhono. Ifenso tinkawaseka kuti amaopa kalongonda. Inu mumangodya, simudziwa kuti kalongonda ndi nkhondo. Tinkamuphika kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka. Waulesi wotaya madzi kamodzi kokha ankaledzeretsa banja lonse, ana kumayenda chokwawa. Mchere wa m'sitolo kunalibe. Tinkaotcha mapesi, nkusungunula phulusa, kapena kudikira anthu a ku Chilwa abwere ndi mchere wawo wakuda. Chovala chinali chiwondo, khungwa la mtengo losulidwa ndi chibonga mpaka kufewa. Chikanyowa chinkanunkha, chikauma chinkakanda, ndipo nsabwe zinkachikonda kuposa mmene tinkachikondera ife. Iwe Joyisi umalira diresi likang'ambika pang'ono. Ukanavala chiwondo ukanalira mpaka liti?

Mayi aang'ono anandisunga bwino, sindingawanamizire. Koma ndinali mwana wachete. Anzanga akamasewera phada, ine ndinkaima pambali, maso kumtsinje. Ndipo ndinali ndi kaimidwe kangakanga: mwendo umodzi pansi, phazi linalo ndaliponda pa bondo, dzanja lagwira khutu. Ndi mmene ankaimira bambo anga akamacheza. Mayi aang'ono ankadana nako kwambiri.

"Tsitsa mwendowo! Ndiwe kakowa kodi? Adzakukwatira ndani mkazi woima ndi mwendo umodzi?"

Wodzandikwatirayo anali pomwepo, akutokosa m'mphuno. Inde, agogo anu aamuna, malemu a Samisoni. Musaseke, nawonso anali mwana. Nthawiyo dzina lawo linali Namate, ndipo ndizimutchula choncho, poti ndi mmene ndinamudziwira. Namate anthu anamutola panjira pa ulendo womwe uja, atakhala pachitsa yekhayekha. Anali wamng'ono kwambiri, sankadziwa dzina la mudzi wake. Amalume anamutenga nkumulera. Koma iye sanali wachete ngati ine. Anali wamakani, wodzitama, wokonda kuonekera. Mmene munawadziwira muja, anabadwa choncho.

Mvula itagwa kawiri chiwolokereni, m'nyengo ya chilimwe, kunabwera mlendo. Anali munthu wakuda ngati ife, Mmang'anja wa cha ku Blantyre, wamtali, wowonda, wa chipewa chobooka pamwamba. Ankakoka bulu. Ife bulu tinali tisanamuone, moti atalira, theka la mudzi linathawira m'mapira. Pamsana pa buluyo panali mabokosi, ndi mitengo itatu yomangidwa pamodzi. Mlendoyo dzina lake anali a Yotamu. Ntchito yojambula anaiphunzira kwa azungu a mishoni, ndipo dona wina anawatuma kuti azizungulira m'masukulu a m'midzi, azijambula ana, zithunzizo azitumiza kwawo kwa donayo.

Sukulu yathu inali chisakasa cha udzu. Tsiku loyamba aphunzitsi anasonkhanitsa ana amene ankaphunzira, anawasambitsa, anawaimika pamzere, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. A Yotamu anaimika mitengo itatu ija, nkukhazikapo bokosi la diso limodzi, nkulowetsa mutu wawo m'nsalu yakuda. Atangolowa m'nsalumo, mzere wa kutsogolo unabalalika. Aphunzitsi anawabweza ndi kamtengo. Anajambulidwa misozi ili m'masaya, ataumitsa makosi, chimodzimodzi mmene mwaimira inu apa.

A Yotamu sanakondwe nazo. Ndinawamva ndekha akuuza aphunzitsi kuti, "Izi ndi za dona, apatsidwa. Koma awa si ana, aphunzitsi, ndi mitengo ya mpanda. Ana ndinawaona dzulo kumtsinje."

M'mawa mwake tinapeza bokosi lija laima pa dooko pamene tinkasambira, pansi pa mkuyu. Tonse tinabisala m'bango. A Yotamu sanatiitane, sanatiyang'ane nkomwe. Analowa m'nsalu kamodzi, nkukonzakonza, nkutuluka, nkukhala pamwala atatifulatira pang'ono, nkuyamba kusoka chipewa chawo. Tsiku limenelo palibe anasamba. Mawa lake chimodzimodzi. Koma dzuwa la chilimwe inu mukulidziwa. Namate ndiye anayamba: anathamanga, nkudumphira m'madzi, nkutuluka, nkuthawa. Ataona kuti sanafe, anabwereranso. Pang'ono ndi pang'ono tonse tinatuluka m'bango muja.

Masiku anapita. Tinazolowera bokosi lija ngati chitsa. Atsikana ankayanika ziwondo zawo pa mwendo wake. A Yotamu ankangosoka chipewa chosathacho, nthawi zina kutisemera nguli, nthawi zina kuyesa kulankhula Chilomwe, ife nkumagubuduka ndi kuseka. Ankati "Mosheliwa" ngakhale madzulo, chonsecho ndi moni wa m'mawa. Chimene sitinkadziwa nchakuti m'dzanja lawo lamanzere munali kampira konga dzira, kolumikizidwa ndi bokosi lija ndi kachingwe. Akakafinya, diso la bokosi linkaphethira.

Tsiku lina Namate anati atisonyeze kagwiridwe ka nkhanu.

"Inu akazi mumaopa," anatero. "Kwathu timagwira ndi maso otseka."

"Kwanu kuti?" wina anamufunsa.

"Kwathu komweko!"

Anapisa dzanja kunsi kwa mwala, sanapeze kanthu. Anapisa kwina, osapezanso. Atatopa anakhala pansi m'madzi osaya kuti aganize bwino. Pamenepo nkhanu imene ankaifuna ija inamupeza yokha. Inamugwira thako. Ana inu, kukuwa kwake! Anadumpha, anazungulira, anavina gule amene sindinamuonenso mpaka lero, nkhanu ili lende. Pomaliza anaizula, nkuitukula m'mwamba kuti tione kuti waigwira ndithu, koma kukamwa kuli yasa, misozi ili mbwembwembwe.

Ine ndinali nditaima pamwala pambali pake, mwendo umodzi monga mwa masiku onse. Sindidziwa chimene chinamasuka m'chifuwa mwanga. Ndinaseka. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, mpaka anzanga anasiya kuyang'ana Namate nkuyamba kuyang'ana ine, poti anali asanandimvepo ndikuseka. Mkati mwa phokoso limenelo ndinamva kaphokoso kakang'ono kuchokera pansi pa mkuyu: tcha!

A Yotamu anaimirira, nkuvala chipewa chawo singano ikadali momwemo.

Inu mukajambulitsa mumangopita kukatenga Loweruka, simudziwa zimene zimachitika kuseri. Kale chithunzi chinkayamba kugwidwa pa galasi. A Yotamu anabwereka kanyumba ka aphunzitsi kosungiramo makasu, anamata ming'alu yonse ndi dothi, nkudzitsekera mkati ndi kanyali kofiira ndi mbale za mankhwala onunkha. Ife tinazungulira kanyumbako, makutu pakhoma. Tinkangomva madzi akuchita khapakhapa, ndi eni ake akuimba nyimbo ya tchalitchi chapansipansi.

Galasilo litauma anatuluka nalo, nkulitukula kudzuwa kuti tione. Kulakwa kwake kunali komweko. Pa galasi paja zonse zinali zotembenuka: nkhope zathu zoyera mbee, mano akuda bii, madzi akuda, mthunzi woyera. Amalume, amene anabwera kudzaona chimene chasonkhanitsa ana, anasuzumira kamodzi nkugwira kumutu.

"Mayo ine! Wawasandutsa azungu! Azungu a mano owola!"

A Yotamu anaseka, nkuti, "Dikirani, bambo, ntchito sinathe." Anatenga pepala, nkuligoneka kunsi kwa galasi m'kathabwa, nkuika padzuwa. Tinakhala chete ngati tikudikira mazira kuswa. Atatsegula, pepala loyera lija linali litada mwina ndi mwina. Analitsuka m'mankhwala, nkulitsukanso m'madzi, nkutiitana.

Poyamba sindinaone kanthu, madontho okhaokha. Kenako maso anazolowera. Ndinaona mkuyu. Ndinaona mwala. Ndinaona Namate ndi nkhanu yake, kukamwa yasa. Ndinaona anzanga onse, aliyense ndi nkhope yake. Koma pamwala panali kamtsikana kena kachilendo, ka mano otalikirana, kakuseka mutu uli chagada.

"Nanga uyu ndani?" ndinafunsa.

Onse anafa nako kuseka. Musadabwe. Kalilole kunalibe. Nkhope yako unkaiona m'madzi a mumtsuko, yakuda, yogwedera. Ine ndinkadziwa nkhope za mudzi wonse kupatula yanga.

"Ndiwe, Sigele! Taona mwendowo!"

Ndinayang'ana mwendo. Unalidi wanga.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma patapita masiku owerengeka thupi langa linatentha. Anali malungo wamba, amene mwana aliyense wa m'mbali mwa Ruo ankadwala. Koma anthu anayamba kunong'ona kuti mlendo uja watenga chithunzithunzi cha mwana nkuchitsekera m'galasi, ndipo munthu wopanda chithunzithunzi sakhalitsa. Amalume sanali munthu wankhanza. Anali wamantha chabe, ndipo mantha awo anali ndi chifukwa: anali atataya kale mlongo wawo, amayi anga, sankafuna kutayanso mwana wake. Anatenga mpini wa khasu nkupita kwa aphunzitsi, anthu akuwatsatira. Mayi aang'ono anandibereka kumsana, nkupita komweko.

"Tulutsani galasi lija," anatero amalume. "Mubweze chimene mwatenga, mumange katundu wanu, muzipita."

"Bambo, ine sindinatenge kanthu," anayankha a Yotamu. "Muimikeni mwanayo padzuwa, muone nokha."

Mayi aang'ono ananditsitsa, nkundiimika pabwalo. Tsoka lake, dzuwa linali paliwombo. Chithunzithunzi changa chinali kakang'onong'ono, kobisala kunsi kwa mapazi.

"Mwaona!" anakuwa amalume. "Changotsala chakumapazi!"

Amayi ena anayamba kulira. Mayi aang'ono ndiwo anayang'ana pansi, nkuyang'ana amalume, nkunena kuti, "Achimwene, nanga chanu chili kuti? Inunso anakujambulani?"

Amalume anayang'ana kumapazi kwawo. Anasuntha, nkuyang'ananso. Aliyense pabwalopo anayamba kufunafuna chithunzithunzi chake, kuzungulira ngati galu wofuna kugona. Wina anayamba kuseka, kenako onse. Tinakhala pansi pa mtengo kudikira dzuwa lipendeke, ndipo litapendeka anandiimikanso. Changa chinatalika mpaka kukafika pa nkhokwe, chathunthu, ndi makutu omwe.

Koma amalume anali ndi nkhawa ina, ndipo iyi inali yeniyeni. Anati, "Chabwino. Nanga chinthuchi chikakafika kwa Apwitikizi? Adzati anthu athu othawa aja ali apa, nkhope zawo izi. Ife tinabisala, inu mukufuna kutiulula."

Apa a Yotamu sanaseke. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi galasi lija, nkulipereka ndi manja awiri.

"Mwanena zoona, bambo. Ili ndilo limabala mapepala. Chitani nalo chimene mukufuna. Pepala ndili nalo limodzi lokha. Mukati nalonso liwonongeke, liwonongeka. Mukandisiyira, ndikulumbira kuti silidzawoloka Ruo, ndipo kwa dona silipita."

Amalume anaphwanya galasilo pamwala pomwepo. Kenako anatambasula dzanja kuti alandire pepala. Mayi aang'ono ndiwo analitenga poyamba. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero chapansipansi, "chiwolokereni mtsinje uja, mwana uyu munamuonapo akuseka chonchi? Ine ndamusambitsa, ndamudyetsa, ndagona naye pamphasa imodzi, koma mano awa sanandionetsepo. Ili lokha musang'ambe."

Amalume anayang'ana pepalalo, nkupukuta m'maso ndi chikhatho, nkuti utsi wawalowa, chonsecho panalibe moto. A Yotamu ananyamuka ndi bulu wawo, pepala lili m'bokosi. Malungo anga anatha okha.

Mvula inabwera, tinabzala, tinapalira. Amalume ankapita ku thangata, kukalima m'munda wa mzungu mwini malo, ife ana nkumatola bowa ndi ngumbi. Ine ndinali nditasintha. Ndinkasewera phada, ndinkakangana ndi Namate, ndinkayankha akulu mpaka mayi aang'ono anayamba kudandaula kuti bola ndikadali wachete. Za a Yotamu tinaiwala.

Mapira atayamba kucha, ntchito yathu ana inali yothamangitsa mbalame. Tinkakwera pa nsanja pakati pa munda, kukoka zingwe zomangirira zigoba za nkhono, kukuwa tsiku lonse mpaka mawu kusasa. Inu mumati sukulu ndi yotopetsa. Kathamangitseni mpheta tsiku limodzi, mudzakapsompsona aphunzitsi anu.

Ndili pa nsanjapo ndinamva bulu akulira. Nditayang'ana kunjira ndinaona chipewa chija. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wosenza mtolo, ndi mkazi wowonda wobereka mwana. Namate ndi anzathu anathamangira bulu. Ine ndinatsika pang'onopang'ono, sindidziwa chifukwa chake. Mkazi uja anaima m'mphepete mwa munda, nkumayang'ana mwana aliyense, mmodzimmodzi. Atafika pa ine anasiya kuyang'ana ena.

"Sigele. Mwanaka."

Nkhope ndinali nditayamba kuiiwala, ndisakunamizeni. Koma mawuwo! Sindinathamange. Ndinangokhala pansi m'mapira momwemo nkuyamba kukuwa ngati ndalumidwa. Amayi ndiwo anathamanga, mwana akugwedezeka kumsana. Anandigwira mutu, mapewa, manja, anandiwerenga zala ngati khanda lobadwa kumene, anandinunkhiza m'khosi. Abambo anangoima, mtolo ukadali pamutu, kuiwala kutula. Mayi aang'ono anatulukira kuchokera kuchitsime, anaponya mtsuko pansi, mtsuko wabwinobwino, phwaa! Amalume anabwera akuthamanga ndi khasu m'manja kuyesa kwagwa chilombo. Ataona mlongo wawo anabwerera m'mbuyo, nkufunsa kuti, "Ndinu munthu kapena mzimu?" Amayi anati, "Mzimu umabereka mwana kumsana? Tandilandirani, achimwene, msana wandipweteka."

Nkhani yawo anatifotokozera titakhala pansi. Tsiku lija amayi anachira bwinobwino pansi pa mtengo uja, mwana wamwamuna. Masipayi atayandikira, abambo anawadzutsa nkuthawira nawo kumpoto, kutsata tsinde la phiri mbali ya kum'mawa, mpaka anakalowera cha ku Phalombe. Kumeneko anakumana ndi munthu amene anati anaona madengu ndi miphika zikuyandama pa Ruo, ndipo gulu lonse la a Napwanga linapita ndi madzi. Nawonso anameta. Ife kuno tinalira maliro awo, iwo uko analira maliro athu, chonsecho pakati pathu panali phiri lokhali, ili mukuliona apali.

A Yotamu, pozungulira ndi ntchito yawo, anafika ku Phalombe komweko. Kulikonse kumene ankafika anthu ankaopa bokosi, ndiye ankatulutsa pepala lija kuti aone kuti ana ojambulidwa amaseka, safa. Tsiku lina analionetsa kwa amayi amene ankachokera kotola thonje. Linayenda dzanja ndi dzanja mpaka linafika kwa amayi anga. Iwo analigwira chozondotsa, sanaone kanthu, anati ndi pepala lothimbirira, nkupatsira abambo amene anabwera kudzawachingamira. Abambo analitembenuza. Anayang'ana, anayang'ana. Kenako anati, "Mayi a Sigele, taonani mwana uyu. Waima ngati ndani?"

Amayi ankati pamenepo dziko linazungulira. Anagwira malaya a a Yotamu osawadziwa nkomwe.

"Mwana uyu munamuona ndi maso? Ali moyo?"

"Ndinamusiya ali moyo, mayi. Ali ndi mayi ake aang'ono, ndi amalume ake ena amantha kwambiri."

"Ndi achimwene amenewo!" anakuwa amayi. "Ndi a Napwanga!"

Sanadikire ndi kukolola komwe. Anasiyira anansi munda, nkunyamuka ndi a Yotamu, kuzungulira phiri cha ku Likhubula, kudutsa pa Boma, mpaka kuno. Amayi ankati njira yonse pepalalo linali pachifuwa pawo, ndipo pa mtsinje uliwonse ankalitukula pamwamba pa mutu kuti mwana wawo asanyowe.

Kamwana kanali kumsana kaja ndi agogo anu a Panjira a ku Chonde, amene amakubweretserani nzimbe aja. Tsopano mwadziwa kumene kunachokera dzina lawo. Tsiku limenelo nditafuna kukhala pamwendo pa amayi, a Panjirawo anandiluma pamkono, kuti mayiwa ndi awo okha. Mukadzapita ku Chonde mukawafunse. Adzakana, koma chipsera ndi ichi.

Chisangalalo chake ndingachifotokoze bwanji? Amalume anapha mbuzi yawo yokhayo. Amayi a m'mudzi anatereka miphika ya kalongonda, ena anapala makaka, ena anabwera ndi thobwa. Ng'oma za tchopa zinalira dzuwa likadali pamutu, ndipo amalume anavina mpaka chiwondo chinamasuka. Amang'anja otiseka aja anabwera nawonso, anadya kalongonda, ena anapempha kuwonjezera. A Yotamu anawakhazika pampando wokhawo umene unali m'mudzimo, wa aphunzitsi, amalume nkumawatcha achimwene, nkumawasankhira chiwindi. Anthu anawapempha kuti ajambule gule, iwo anati magalasi anatha. Ine ndikuganiza kuti ankangofuna kuonera ndi maso awo.

Mmodzi yekha ndiye sanavine. Namate anakhala kuseri kwa nkhokwe, akujambulajambula pansi ndi kamtengo. Ine sindinamuone, ndinali nditamatirira amayi. Koma amayi anamuona, nkufunsa kuti mwanayo ndi wa yani. Mayi aang'ono anawanong'oneza.

M'mawa mwake a Yotamu anamanga katundu. Amayi anatulutsa pepala lija pachifuwa pawo, litayamba kale kupindika m'mbali.

"Limenelo ndi lanu, mayi," anatero a Yotamu. "Lisungeni."

Amayi analiyang'ana, nkuyang'ana ine, nkuyang'ana Namate amene anali ataima patali. Ndinkafunitsitsa kuti alisunge. Ndinkafuna ndizidziona tsiku lililonse. Koma iwo analibweza ndi manja awiri.

"Wanga ndamugwira ndi manja, bambo. Uyu wa nkhanuyu alibe womugwira. Pitani nalo, muzilionetsa kulikonse kumene kuli anthu a kwathu."

Sindinalionenso pepalalo kufikira lero.

A Yotamu anakoka bulu wawo. Atafika pamene pathera minda, Namate anadzambatuka nkuwathamangira. Tinayesa akufuna kupita nawo. Koma anaima pachulu, nkuika manja kukamwa, nkukuwa kuti mudzi wonse umve:

"A Yotamu! Mukawapeza abale anga mukawauze kuti sindilira masiku onse! Inali nkhanu!"

A Yotamu anatukula chipewa osacheuka.

Ukufunsa ngati anawapeza, Dalitso? Taleka kudya nandolo zaziwisizo, ndikuuze. Mvula inagwa, inagwanso, ife tinaleka kuyang'ana kunjira. Namate yekha ndiye sanaleke, ngakhale ankanamizira kutchera mbewa. Tsiku lina chakumasana kunatulukira nkhalamba ina yochokera ku Thyolo, fumbi mpaka m'mawondo, ndodo m'manja. Sinapereke ndi moni womwe. Inaima pakati pa bwalo, nkuyang'ana uku ndi uku, nkufunsa mokweza m'Chilomwe:

"Ali kuti mwana wa mlongo wanga, amene salira masiku onse uja?"

Namate anagwetsa misampha yake. Ndipo analira, ana inu, analira kuposa tsiku la nkhanu.